Kodi mwala wa ku Kanyika adzatiyezera ndani?

Kampani ya Globe Metals & Mining ya ku Australia imati pansi pa nthaka ya ku Kanyika, kwa Inkosi Mabulabo kumwera kwa boma la Mzimba, pali matani oposa 60 miliyoni a mwala wokhala ndi niobium, ndipo m'tani iliyonse ya mwalawo muli makilogalamu osakwana 3 a chumacho. Tamva. Koma adayeza ndani? Sikelo yake idali ya yani? Pamene boma linkapereka chiphaso cha mgodi mu Ogasiti 2021, kenaka n'kusainirana mgwirizano ndi kampaniyo mu Malichi 2023, kodi patebulopo padali Mmalawi amene adatola yekha mwalawo, n'kuupera, n'kuuyeza ndi makina a dziko lino, kuti nambala ya mlendo ikumane ndi inzake? Sitikuti kampaniyo idanama ayi. Koma pa msika wa Manyamula, mayi wogulitsa soya sayang'ana kumbali venda akamakoloweka thumba pa sikelo, ngakhale vendayo akhale mwana wa achimwene ake. Nanga dziko lathunthu liyang'aniranji kumbali?

Kulemera kwa mwala ndi chiyambi chabe. Ufa wa niobium ukayeretsedwa kwambiri mtengo wake umakwera, ndipo pali ntchito zina zimene ngakhale kuyera sikukwanira: wogula amafuna kudziwa mmene maatomu ayalidwira m'kati mwa ufawo. M'zaka za m'ma 1980, Kozo Tanabe wa pa yunivesite ya Hokkaido ku Japan adasonyeza kuti ufa woyera wa niobium oxide umene udakali ndi madzi m'kati mwake umagwira ntchito ya asidi wamphamvu, asidi wouma amene sasungunuka, ndipo safooka ngakhale pamalo ponyowa. Ufa womwewo mukauwotcha kupyola madigiri 500, maatomu ake amafola mwa mtundu wina, mphamvu ija n'kuzilala. Pa sikelo ndi ufa umodzimodzi. M'maso ndi ufa umodzimodzi. Kwa mwini fakitale, wina ndi chida, wina ndi fumbi. Tsono ife amene tikufuna kugulitsa ufa umenewu, tili ndi chiyani chosiyanitsira ziwirizi?

Chida chotere akatswiri a kemisitiri amachitcha katalisiti. Ndi chinthu chimene chimafulumizitsa kusandulika kwa zinthu zina koma icho chosatha, moti chimagwira ntchito yomweyo mobwerezabwereza kwa miyezi kapena zaka. Mafuta a galimoto, feteleza, mapulasitiki, majarini ndi mankhwala ambiri a m'chipatala zimadutsa pa katalisiti zisanatifike. Ntchito yonse imachitikira pamwamba pa katalisitiyo, pamene mpweya kapena madzi zimamukhudza. Atomu imene yakwiririka pakati pa chibuluma cha chitsulo ndi ndalama yogona. N'chifukwa chake opanga amaphwanya chitsulo kukhala tinjere tating'ono kwambiri. Tengani milimita imodzi pa rula ya mwana wasukulu, muigawe magawo 1 miliyoni. Gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Kanjere ka pulatinamu ka mananomita 2 kali ndi pafupifupi theka la maatomu ake onse pamwamba, onse ali pantchito. Vuto ndi lakuti tinjere totere tikatenthedwa timakonda kuundana kukhala zibuluma, ndiye luso lonse lagona pa kupeza chinthu china chotigwira kuti tikhale motalikirana: dothi lowotcha, makala, kapena mamolekyulu a kaboni olukidwa mwadala. Chitsulo ndi chochigwiracho zikaphatikizana pa msinkhu wa nanomita, chimatuluka ndi chinthu chatsopano chimene sichichita ngati chitsulo chokha kapena chogwiriracho chokha.

Wina anene kuti izi ndi nkhani za ku Ulaya, zilibe gawo ndi munthu wa ku Manyamula. Agwade ayang'ane pansi pa Sienta imene imamutengera ku Mzimba boma. Pa paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini, pali kabokosi kachitsulo. M'kati mwake muli chibumba chadothi chobooledwa timabowo mazanamazana pa inchi iliyonse, ndipo makoma a timabowoto adapakidwa ufa wa alumina ndi cerium oxide umene wagwira tinjere ta pulatinamu, palladium ndi rhodium. Zitsulo zonsezi pamodzi ndi magalamu ochepa chabe, koma utsi ukamadutsa, mpweya wakupha wa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi mpweya wa naitirojeni wowononga mapapo zimasanduka zinthu zosaopsa kwenikweni. Ku America galimoto zidayamba kuikidwa kabokosika mu 1975. Kuno kum'mwera kwa Sahara kadayamba kukhala ndi tanthauzo mu 2006, maiko atasiya petulo wosakaniza ndi mtovu, pakuti mtovu umamata pamwamba pa tinjere tija n'kutipha.

Mu Malichi 2021 mtengo wa rhodium udadutsa madola 25,000 pa aunsi, pamene golide sadafike n'komwe madola 2,000. Akuba m'maiko ambiri adaidziwa msanga nkhaniyi, ndipo timabokosi timeneti takhala tikudulidwa usiku kapena kugogomoledwa m'magalaja. Ndiye tifunse: mwa galimoto zakale za ku Japan zimene zimatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe, ndi zingati zimafika ku Mzuzu kabokosi kadakali ndi chibumba chake? Wogula amadziwa kuti ayenera kufunsa? A Road Traffic akamapereka chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, amayeza chimene chikutuluka ku ekizozi, kapena amangoona matayala ndi magetsi? Ndipo amene amapuma utsiwo tsiku lonse ndi ndani, ngati si mayi wogulitsa tomato pa depoti ndi mwana amene wam'bereka kumbuyo? Cerium wopakidwa m'kabokosimo ndi mmodzi mwa miyala imene ili ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Kodi zimenezi zimatchulidwa m'kalasi ina iliyonse ya sekondale m'dziko muno?

Siyani galimoto, poti si onse ali nayo. Thumba la feteleza ndiye palibe amene salidziwa. Magawo 78 pa 100 a mpweya umene uli pamwamba pa munda wa chimanga ndi naitirojeni, chakudya chenicheni chimene chimangacho chikulira masamba akamachita chikasu. Koma maatomu ake amayenda awiriawiri atagwirana zolimba zedi, ndipo mbewu singawalekanitse. Fritz Haber adasonyeza mu 1909 kuti n'zotheka kuwalekanitsa ndi kuwalumikiza ndi haidirojeni kupanga ammonia. Alwin Mittasch wa kampani ya BASF adayesa zosakaniza zikwizikwi mpaka adapeza katalisiti wotsika mtengo: chitsulo wamba chothira alumina ndi potaziyamu pang'ono. Carl Bosch adamanga fakitale yoyamba ku Oppau, ku Germany, mu 1913. Chodabwitsa n'chakuti mafakitale adagwiritsa ntchito chitsulochi zaka makumimakumi asakudziwa bwino chimene chimachitika pamwamba pake. Adadzachimasulira ndi Gerhard Ertl, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2007. Kafukufuku wake ndi wa anzake ena adaonetsa kuti mbali zina za kanjere kachitsulo zimathyola naitirojeni mwachangu kwambiri kuposa zina, malinga ndi mmene maatomu akhalira pa mbaliyo, ndipo alumina uja ntchito yake ndi kuletsa tinjere tachitsulo kuundana.

Pafupifupi yureya yense amene mlimi wa ku Manyamula amathira wachiwiri m'chimanga adabadwira pa chitsulo chimenechi, pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi mpweya wopanikizidwa koopsa. Malawi alibe fakitale ya ammonia. Zimene timachita ku Liwonde ndi ku Blantyre ndi kusakaniza zobwera kale kuchokera kunja kudzera ku Beira ndi ku Nacala. Kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, thumba la makilogalamu 50 silidachedwe kudutsa K100,000. Kuyambira pa sabuside ya Bingu wa Mutharika mu 2005 kufikira AIP ya 2020, boma lililonse lapikisana ndi linzake pa kuchuluka kwa matumba. Ndi liti limene lidapikisana pa kuchuluka kwa Amalawi odziwa chimene chili m'thumbamo ndi mmene chimapangidwira?

Pamene zili chonchi, katalisiti woposa wa Mittasch ali m'munda momwemo, waulere. Zulani phata la soya kapena la mtedza mbewu ikamachita maluwa, muone timibulu ta pa mizu. Ng'ambani kamodzi ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira, ndiye kuti mabakiteriya a rhizobium ali pantchito, akupanga ammonia yemweyo popanda ng'anjo, popanda makina opanikiza mpweya, pa kutentha kwa dothi la Januwale. Chida chawo ndi puloteni yotchedwa nitrogenase, ndipo pamtima pa puloteniyo pali kachisa ka maatomu 7 a chitsulo, 1 ya molybdenum, 9 a sulufule ndi 1 ya kaboni pakatikati. Chitsulo ndi zamoyo zalukana pamenepo mwa njira imene palibe fakitale yakwanitsa kuitsanzira. Maonekedwe a kachisaka adayamba kudziwika mu 1992 ku Caltech, ku America, ndipo atomu ya pakati ija idatsimikizika kuti ndi kaboni mu 2011 mokha. Asayansi a maiko olemera akuthyola mitu ndi chinthu chimene agogo athu ankachigwiritsa ntchito pobzala nyemba m'chimanga.

Ku Ekwendeni, kumpoto kwa boma lomweli, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities lakhala likugwira ntchito ndi alimi kuyambira 2000 pa kubzala nandolo, mtedza ndi soya kuti nthaka ibwerere. Ku Chitedze akatswiri athu akhala akufufuza za mabakiteriya opaka ku mbewu ya soya isanabzalidwe. Kapaketi kake n'kotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi thumba la yureya. Nanga bwanji pa misonkhano ya ndale sitimva za kapaketika? Kodi n'chifukwa chakuti n'kochepa, sikaoneka pa chithunzi nduna ikamapereka? Mlangizi wa ku Manyamula EPA ali ndi alimi angati oti awayendere, ndipo amayenda pa chiyani? Soya sangalowe m'malo mwa feteleza yense wa chimanga, zimenezo tisanamizane. Koma dziko losowa ndalama zakunja likamanyalanyaza naitirojeni wopangidwa m'dothi lake, vuto ndi umphawi kapena ndi kusafunsa?

Mu Okutobala 2025 mphoto ya Nobel ya kemisitiri idapita kwa Richard Robson, Susumu Kitagawa ndi Omar Yaghi chifukwa cha zinthu zotchedwa MOF, zimene ndi kuyesa kwa munthu kuluka chitsulo ndi kaboni mwadongosolo. Maatomu a chitsulo amakhala pa mfundo, mamolekyulu a kaboni amakhala timitanda tolumikiza mfundozo, ndipo pakati pamatsala timapanga tofanana kukula kwake, mizeremizere. Robson adasonyeza njirayi ku Melbourne mu 1989 pogwiritsa ntchito kopa. Kitagawa adaonetsa mu 1997 kuti mpweya ungalowe ndi kutuluka m'timapangato chimangocho osagwa. Yaghi adatulutsa MOF-5 mu 1999, wopangidwa ndi zinki. Galamu imodzi ya ufa umenewu, mutayala makoma onse a timapanga take, ingakute masikweya mita pafupifupi 3,000. Ekala ndi masikweya mita 4,047. Phindu lake pa nkhani yathu ndi ili: kanjere ka pulatinamu kapena ka golide kakatsekeredwa m'kaphanga kotere, sikangaundane ndi kanzake, ndipo khomo la kaphangako limasankha molekyulu yolowa ndi yotsala panja. Mmisiri amachita kusankha kukula kwa khomolo.

Tisakokomeze. Ma MOF ambiri sapirira chinyezi ndi moto waukulu, ndi okwera mtengo, ndipo m'mafakitale oyenga mafuta akulamulirabe ndi katalisiti wakale wotchedwa zeolite, amene nthawi zambiri amathiridwa lanthanum, mwala winanso wa ku Kangankunde. Zoyesa za Yaghi zokolola madzi mu mpweya wa m'chipululu cha Arizona n'zosangalatsa kuwerenga, koma mudzi wa ku Mzimba umene mjigo wake udathyoka ukufunika mmisiri ndi zipangizo za mjigo. Chimene chiyenera kutisowetsa tulo pa nkhani ya Yaghi ndi mbiri yake. Adabadwira ku Amman, ku Jordan, mu 1965, m'banja la Apalestina othawa nkhondo, m'nyumba imene ankagona limodzi ndi ziweto, kumene madzi ankabwera mwa apo ndi apo. Adapita ku America ali ndi zaka 15 n'kuyambira pa koleji yaing'ono ya m'dera. Kodi mwana wotere akadabadwira ku Manyamula, n'kusankhidwira ku CDSS yopanda labotale, lero akadakhala kuti? Yankho tonse tikulidziwa: akadakhala pa basi ya ku Joni.

Ulendo wa ku Joni umenewu ndi wakale, ndipo uli ndi phunziro limene sitidatolepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ambiri a iwo m'migodi ya golide, ndipo Mzimba idapereka amuna ake osawerengeka. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idadzayambiranso pansi pa TEBA mpaka idatha mu 1988. Golide amene azigogo aja ankakumba ankadziwika kuti ndi chitsulo chaulesi, chosagwirizana ndi china chilichonse, choyenera mphete ndi mosungira chuma cha mabanki basi. Koma m'zaka za m'ma 1980 Masatake Haruta wa ku Japan adapeza kuti golide akaphwanyidwa kufika pa mananomita osakwana 5 n'kuikidwa pa ufa wa chitsulo china, amasandutsa carbon monoxide ngakhale pa kuzizira kwa madigiri 70 pansi pa ziro. Nthawi yomweyo Graham Hutchings, akugwira ntchito ku South Africa komweko, adalosera kuti golide angalowe m'malo mwa mercury popanga zopangira mapaipi a PVC, ndipo patapita zaka pafupifupi 30 mafakitale a ku China adayamba kutero.

A ku South Africa adachitapo chiyani? Bungwe lawo la boma lofufuza za miyala, Mintek, lidayambitsa ntchito ya AuTEK yofufuza golide ngati katalisiti. Mu 2008 boma lawo lidakhazikitsa ntchito ina yotchedwa HySA, ndipo nthambi yake ya makatalisiti ili pa yunivesite ya Cape Town ndi ku Mintek, cholinga chake n'chakuti pulatinamu wawo, amene ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 a pulatinamu wokumbidwa pa dziko lonse, asamangochoka ali chibuluma. Mu 2011 adatsegula ku Port Elizabeth, kumene tsopano ndi Gqeberha, malo a maikulosikopu a maelekitironi otha kuonetsa mizere ya maatomu. M'dera lomwelo muli mafakitale opanga timabokosi ta ekizozi tija totumiza ku Ulaya. Sikuti kumeneko zonse zili bwino: pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adawombera ndi kupha ogwira ntchito mumgodi wa pulatinamu 34 ku Marikana, amene ankafuna malipiro abwino. Luso la m'labotale silichotsa nkhanza za kumgodi. Komabe iwo ali ndi anthu awoawo otha kutsutsa nambala ya wogula. Ife matransipota athu amanyamuka ku Mzimba sabata ndi sabata atadzaza anyamata okasamala maluwa ndi kulondera nyumba za eni. Boma lidatumizapo angati pa msewu womwewo kukaphunzira kuyendetsa makina a ku Gqeberha, ndi pangano lakuti akabwere?

Tikabwerera ku niobium, mwini msika ndi Brazil. Pafupifupi magawo 90 pa 100 a niobium wa pa dziko lonse amachokera kumeneko, wambiri kuchokera ku mgodi wa kampani ya CBMM ku Araxá. Niobium wochuluka amathera m'zitsulo za milatho, mapaipi a gasi ndi galimoto, pakuti pang'ono pokha pamalimbitsa tani yathunthu, ndipo wopita ku makatalisiti, magalasi ndi mabatire ndi gawo laling'ono. Kanyika akadzatseguka adzakhala mwana pakati pa akuluakulu, wosatha kulamula mtengo. Mwana wotere amapulumukira pa ubwino wa katundu wake. Globe yakhala ikunena kuti idzayengera mwalawo m'dziko mommuno ndi kutulutsa ufa wa niobium ndi tantalum woyeretsedwa. Ngati zidzachitikadi, tidzawomba m'manja. Koma msonkho wa boma wa magawo 5 pa 100, ndi kagawo ka 0.45 pa 100 kopita ku chitukuko cha anthu ozungulira mgodi, zonsezi zimawerengedwa kuchokera pa mtengo wa zogulitsidwa, ndipo mtengowo umachokera pa kuyera kwa ufa. Adzalemba nambala ya kuyerako ndani?

Mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti miyala isamatuluke m'dziko muno yosayengedwa. Maganizo ake ndi omveka. Koma taganizirani wapolisi wa pa rodibuloko ya Jenda, kapena wa MRA pa chipata cha Mwanza, atatsegula mgolo n'kupeza ufa woyera. Adzadziwa bwanji ngati wayengedwa mokwanira? Adzaununkhiza? Adzaulawa? Lamulo lopanda makina oyezera limathera pa kuwerenga pepala limene walemba mwini katundu. Safunsa adadya phula, koma wofunsa amene alibe njira yotsimikizira yankho naye phula lomwelo limamudikira.

Palinso anthu a ku Kanyika eniake. Mu 2012 mabanja oposa 200 adauzidwa kuti adzasamutsidwa, katundu wawo adawerengedwa, ndipo ambiri adaleka kukonza nyumba ndi kubzala mitengo podikira chipukutamisozi. Zaka zidapita, mpaka mu 2017 adakasuma ku khothi lalikulu. Mwala wa ku Kanyika uli ndi uranium pang'ono. Ndani adayeza madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje yawo mgodi usanayambe, kuti mawa pakadzabuka mkangano padzakhale poyambira? Zotsatira zake zili m'manja mwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, m'Chitumbuka chimene anthuwo amamva, kapena zili m'kabati ku Capital Hill? A ku Karonga, amene adakhala ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera kuyambira 2009 mpaka udaima mu 2014, angatiuze mmene mphekesera zimakulira pamene palibe muyeso umene mbali zonse zikuukhulupirira.

Tikudziwa chimene a ku Treasury adzayankhe: dziko losowa mankhwala m'zipatala lingagule bwanji maikulosikopu oonera maatomu? Funso lawo lili ndi nzeru. Makina amene Ernst Ruska ndi Max Knoll adayambitsa ku Berlin mu 1931 lero amadya madola mamiliyoni, amafuna chipinda chosagwedezeka, amisiri osachoka ndi magetsi osaphethira. Ife amene tidakhala mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, tikadagula makina otere lero akadangokhala chokongoletsa. Koma ndani wati tiyambire pamwamba? Makina a X-ray ouza zitsulo zimene zili mu ufa ndi mmene maatomu ake afolera ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi amenewo, ndipo pamodzi ndi makina oyezera kuyera angayankhe mafunso ambiri a ku Kanyika. Zofuna diso lakuthwa zingatumizidwe ku South Africa m'dzina la boma la Malawi, ndi wophunzira wathu ataima pambali. Unduna wa Zamigodi utiuze poyera: nthambi ya Geological Survey ku Zomba ndi Malawi Bureau of Standards ku Blantyre ali ndi makina ati, angati akugwira ntchito lero, ndipo satifiketi yawo wogula wa kunja amailandira? Mtengo wa labotale yotere ndi wofanana ndi galimoto zingati za akuluakulu a boma?

Ndiye pali nkhani imene munthu wa ku Mzimba safuna n'kuimva komwe. Mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera udaikidwa mu 2015. Dzina lidasinthidwa kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, misewu ya m'kati idalambulidwa, bajeti ndi bajeti idatchula malowa. Ana amene adali Sitandade 1 tsiku la mwambowo afika kale ku sekondale. Boma la Mzimba, limene lili ndi niobium ku Kanyika ndi miyala ya aquamarine imene anthu amakumba ndi mapiki n'kugulitsa kwa oyenda ndi zikwama, lidzadikira mpaka liti sukulu yophunzitsa za miyala yake? Podikirapo, n'chiyani chikuletsa kuika labotale yoyezera miyala pa Mzuzu University, imene ilipo kale ndipo imaphunzitsa kemisitiri? MUST ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014, ili ndi maphunziro a zamiyala ndi zitsulo. Omaliza kumeneko akugwira ntchito yanji? Masomphenya a Malawi 2063 amatchula migodi ndi mafakitale, koma masomphenya sayeza ufa.

Ngakhale ku sekondale, kuphunzitsa za katalisiti sikufuna nyumba yagalasi. Botolo la hydrogen peroxide la ku famase, ufa wakuda wa m'batire lakale la tochi, ndi kachidutswa ka chiwindi chosaphika n'zokwanira. Thirani ufa wakudawo, umene uli ndi manganese dioxide, m'madzi a m'botolowo: thovu la okosijeni limatumphuka nthawi yomweyo, ndipo ufawo umatsala mmene udalili. Ikani chiwindi: thovu lomwelo, chifukwa m'chiwindi muli puloteni yonyamula chitsulo yogwira ntchito yomweyo. Sinjani chiwindicho, thovu lichuluka, poti malo okhudzana ndi madzi akula. Chiphikeni, zonse ziima, poti kalukidwe ka puloteniyo kaphwasuka. Phunziro lonse la nkhani ino lili m'makapu anayi. Ndi ophunzira angati a Fomu 4 kumwera kwa Mzimba amene adalemba mayeso a kemisitiri atangoloweza tanthauzo la katalisiti pa bolodi, osaonapo thovu limeneli? Pamenepa tidzanamizira ndalama zakunja?

Aphungu a kumwera kwa Mzimba, khonsolo ya M'mbelwa, ndi inu mafumu athu kuyambira kwa Inkosi Mabulabo mpaka ku Edingeni, nkhaniyi musaisiyire a ku Lilongwe. Funsani m'Nyumba ya Malamulo ndi m'misonkhano ya khonsolo kuti mgolo uliwonse wochoka ku Kanyika uzitapidwako pang'ono n'kuyezedwa ndi labotale ya boma la Malawi, zotsatira zake zizimatidwa pa ofesi ya DC. Funsani kuti madzi a m'midzi yozungulira ayezedwe tsopano, mgodi usanafike pachimake, ndi kuti pa ndalama za chitukuko cha dera pakhale gawo lolembedwa lophunzitsira ana a konkuno kemisitiri mpaka ku yunivesite. Yankho likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi dzina la woyankha, ndipo libwere lole yoyamba isananyamuke.